Mbewa za mu labu ndi matenda oiwalaiwala: mmene timafufuzira zosintha m'chiwindi, m'magazi ndi mu ubongo

Kuyambira tsiku lomwe ndinaulula pa ukwati wina ku Kapata kuti ntchito yanga ndi ya mbewa, foni yanga sinapumepo. Amalume anaseka mpaka misozi: "Iwe mphwanga, sukulu yonse ija kuti uzikagwira mbewa? Ukanangotsala kuno, tikanakupatsa khasu." Achimbuya athu Achibemba nawo amafunsa ngati mbewa zanga zimafika kumapeto kwa kafukufuku zisanalowe mumphika. Amenewo ndimangowasiya. Koma pali ena, makamaka ophunzira a sayansi ya zaumoyo ochokera kuno kum'mawa, amene amafunsa moona: kodi munthu amayamba bwanji kufufuza mmene matenda oiwalaiwala amasinthira ziwalo za m'thupi pogwiritsa ntchito mbewa? Ndatopa kujambula mawu pa WhatsApp. Ndalemba pano kamodzi, wofunsa ndizingomulozera.

Tigwirizane kaye pa mawu. Matenda oiwalaiwala, omwe achipatala amati dimenshiya, ndi aja amachititsa ambuya kusochera pochokera kuchigayo komwe akhala akupita zaka 40, mpaka anthu ena n'kuyamba kuwanena ufiti. Bungwe la WHO limati anthu oposa 55 miliyoni padziko lonse ali ndi matendawa, ndipo oposa 60 pa 100 alionse ali m'maiko osauka ndi apakatikati. Mtundu wofala kwambiri ndi wa Alzheimer, dzina la dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, amene anaufotokoza mu 1906. Metabolizimu ndi mmene thupi limaphwanyira chakudya n'kuchisandutsa mphamvu ndi zomangira thupi. Tizinthu ting'onoting'ono topezeka pa ntchito imeneyi, monga shuga, lactate, ma amino acid, mafuta amitundumitundu ndi asidi a m'ndulu, timatitcha ma metabolite, ndipo kutiyeza tambirimbiri nthawi imodzi ndiko metabolomics.

Nanga chiwindi chikulowapo bwanji pa matenda a mutu? Ubongo umalemera pafupifupi 2 pa 100 ya thupi koma umadya pafupifupi 20 pa 100 ya mphamvu zake, ndipo ulibe nkhokwe yeniyeni. Umadalira zomwe chiwindi, matumbo ndi magazi akuutumizira. Matenda a shuga amawonjezera chiopsezo cha dimenshiya, ndipo odwala ambiri amayamba kuonda kuiwala kusanaonekere. Chiwindi cha ambuya amoyo simungachidule kuti muone zomwe zikuchitika. Cha mbewa mungathe.

1. Lembani funso limodzi lokha

"Ndikufuna kuona zomwe zimasintha" si funso. Funso ndi ili: kodi asidi a m'ndulu m'chiwindi amasintha zibuma za amyloid, puloteni womatana wopezeka mu ubongo wa odwala Alzheimer, zisanayambe kuunjikana, kapena pambuyo pake? Funso lotere limakuuzani mtundu wa mbewa, msinkhu wake, chiwalo choyamba kutenga ndi makina oyezera. Mukalumpha apa mudzavutika pa gawo 6.

2. Sankhani mtundu wa mbewa

Kapuku wokumba kumunda sagwira ntchito imeneyi, ngakhale atanona bwanji. Simudziwa zaka zake, makolo ake, zomwe wadya, ndipo mbewa siidwala Alzheimer mwachibadwa. Za mu labu ndi za mtundu wa Mus musculus, zomwe anaziika majini a munthu oyambitsa matendawa. Zodziwika ndi izi.

5xFAD, yofotokozedwa mu 2006 ndi gulu la Robert Vassar ku Northwestern University, ili ndi zolakwika zisanu m'majini a APP ndi PSEN1. Zibuma zimayamba ili ndi miyezi iwiri yokha. Ndi yachangu, yabwino kwa wophunzira amene ndalama zake zili ndi malire, koma matenda ake ndi aukali kuposa a munthu, ndipo zazikazi zimaunjika amyloid wambiri kuposa zazimuna. APP/PS1 imachedwerapo, zibuma zimaoneka bwino pa miyezi ngati 6. 3xTg-AD, ya gulu la Frank LaFerla ku Irvine mu 2003, ili ndi amyloid ndi tau yemwe, puloteni wina amene amapotana m'kati mwa maselo a ubongo. PS19 ili ndi tau yekha. Palinso za gulu la Takaomi Saido ku RIKEN, Japan, za mu 2014, zomwe jini yake anaikonza pamalo pake penipeni m'malo mowonjezera makope ambiri. Ndikanakhala kuti ndikuyamba lero ndipo ndalama zilipo, ndikanatenga zimenezi.

Msampha womwe ambiri amagweramo uli pa mbewa zofananitsira. Zikhale abale a bere limodzi omwe sanatengere jini ya matenda. Musagule zathanzi kwina n'kuzifananitsa ndi zodwala zoswedwa kwanu. Onaninso chilembo chomaliza cha dzina. Mbewa ya mtundu wa C57BL/6J, ya ku Jackson Laboratory ku Maine, America, ili ndi jini yotchedwa Nnt yowonongeka, zomwe zimakhudza katulutsidwe ka insulini, pomwe C57BL/6N ilibe vutoli. Mukazisakaniza mudzapeza kusiyana kwa shuga komwe sikukhudzana n'komwe ndi kuiwala.

3. Zilolezo

Kuno ku Zambia kafukufuku wa zaumoyo amadutsa ku komiti yoona za chilungamo pa kafukufuku, monga UNZABREC ya ku University of Zambia, kenako ku National Health Research Authority, yomwe inakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2013. Chomwe ambiri amaiwala n'chakuti mbewa zimenezi ndi zosinthidwa majini, choncho kuzilowetsa m'dziko kumakhudza National Biosafety Authority, yomwe inakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2007. Dziko lomwe linakana chimanga cha GMO pa njala ya 2002 silingalole bokosi la mbewa zotere kungodutsa pa bwalo la ndege. Komiti idzakufunsaninso za mfundo zitatu za Russell ndi Burch za mu 1959: kodi palibe njira ina yopanda nyama, kodi mwachepetsa chiwerengero, kodi mwachepetsa ululu? Yambani mapepala msanga, amatenga miyezi.

Ndinene poyera: mbewa zotere sizisungidwa m'chipinda chakuseri ku Kalongwezi. Zimafuna nyumba yovomerezeka yokhala ndi dokotala wa ziweto. Ambiri a inu mudzagwira gawoli ku yunivesite yaikulu kapena kunja kwa dziko.

4. Kasungidwe

Chakudya chikhale cha kampani imodzi, ngati n'kotheka cha gulu limodzi la matumba, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Chipinda chimasungidwa pa madigiri 20 mpaka 24, kuwala maola 12, mdima maola 12. Kwa mbewa kumeneku n'kozizirirapo, imamva bwino pafupi ndi madigiri 30, ndiye imawotcha chakudya chambiri pofuna kufunda. Kutentha kukamasinthasintha, monga chimachitira chipinda chopanda makina mu Okutobala wa ku Chipata, metabolizimu nayo imavina.

Mbewa za khola limodzi zimadyerana ndowe, motero tizilombo ta m'matumbo mwake timafanana. Zodwala zonse zikakhala khola lawo, zathanzi khola lina, simudzadziwa ngati mwayeza matenda kapena khola. Zisakanizeni. Gwiritsani ntchito zazimuna ndi zazikazi, muziwerengere padera. Tengani misinkhu iwiri kapena itatu, umodzi zibuma zisanayambe. Chiwerengero cha pa gulu chichokere ku masamu, kambiranani ndi katswiri wa ziwerengero mbewa zisanabadwe. Mbewa zitatu pa gulu n'kutaya moyo wa nyama pachabe.

5. Ziyezeni zili moyo

Sikelo sabata iliyonse, ndipo yezani chakudya chomwe khola ladya. Zikuoneka zachibwana koma zidzakupulumutsani: mbewa yodwala ikamadya pang'ono, chiwindi chake chisintha chifukwa cha njala basi. Poyeza mmene thupi limachotsera shuga m'magazi, imanani chakudya maola 5 kapena 6, perekani shuga gramu imodzi kapena awiri pa kilogalamu ya kulemera kwake, muyeze kadontho ka kumchira pa mphindi 0, 15, 30, 60 ndi 120. Kuimana usiku wonse, monga timachitira ndi anthu, n'kulakwa. Mbewa imadya usiku, ndipo maola 16 opanda chakudya kwa kanyama ka magalamu 25 ndi njala ya chilala. Mayeso a kukumbukira, makamaka aja osambira m'madzi a Morris, amazitopetsa ndi kuziopsa. Siyani masiku angapo zipume musanatenge ziwalo.

6. Tsiku lotenga ziwalo

Mapepala ambiri a sayansi amalemba gawoli mzere umodzi: ziwalo zinatengedwa n'kuumitsidwa m'chisanu. Koma kafukufuku yense amapulumukira kapena kufera pano. Majini sasintha mbewa ikafa. Ma metabolite amasintha pa masekondi. Magazi akangosiya kufika mu ubongo, shuga, komanso ATP ndi phosphocreatine zosunga mphamvu m'maselo, zimagwa, lactate n'kukwera, mphindi imodzi isanathe. Makina a mamiliyoni aja amangoyeza chomwe munaumitsa, sadziwa chomwe chinali m'nyama yamoyo.

Ndinaphunzira izi mowawa. Chaka changa choyamba ndinatenga ziwalo za mbewa zathanzi zonse m'mawa, ndinapita kukadya, masana n'kumaliza zodwala. Zotsatira zinabwera zokongola: glycogen, shuga wosungidwa m'chiwindi, anali wochepa kwambiri mwa zodwala. Ndinayamba kale kulota dzina langa m'magazini. Mayi wina amene anagwira ntchito mu labuyo zaka zambiri anangofunsa kuti, "Munazidula nthawi yanji?" Mbewa imadzaza chiwindi usiku, masana chimanka chiphwa. Ndinali nditayeza wotchi. Miyezi 8 yoweta inapita choncho.

Ndiye chitani motere.

Dzulo lake lembani timabotolo tonse ndi cholembera chosafufutika m'chisanu, chiwalo chilichonse timabotolo tiwiri kapena titatu. Konzani mndandanda wosakaniza: yodwala, yathanzi, yaikazi, yaimuna, mwa maere. Wodula asadziwe kuti iyi ndi iti, aone nambala yokha.

Kuimana chakudya kuyende motsatana. Tinene kuti muli ndi mbewa 12 ndipo iliyonse imatenga mphindi 10. Yoyamba ichotsereni chakudya 07:00, muitenge 12:00. Yachiwiri 07:10, muitenge 12:10. Yomaliza 08:50, muitenge 13:50. Mukachotsa chakudya cha zonse nthawi imodzi, yomaliza idzakhala itasala pafupifupi maola awiri kuposa yoyamba. Isamutsireni m'khola loyera, chifukwa nyenyeswa za pansi ndi ndowe nazonso ndi chakudya. Madzi musachotse. Zikachuluka gawani masiku, tsiku lililonse likhale ndi magulu onse, maola omwewo.

Zodikira zikhale chipinda china. Mbewa ikamva fungo la magazi a inzake kapena ikagwiridwagwiridwa, mahomoni a mantha amakwera pa mphindi zochepa, shuga n'kukwera nawo.

Njira yogonetsera ndi yophera ikhale yomwe komiti yavomereza, yochitidwa ndi munthu wophunzitsidwa, ndipo imodzimodzi kwa zonse. Palibe njira yosasiya chipsera. Pa mankhwala ogonetsa, ketamine wosakaniza ndi xylazine amakweza shuga kwambiri. Isoflurane nayenso amakweza, makamaka mukachedwa. Mpweya wa carbon dioxide umawawasitsa magazi. Ubwino wogonetsa ndi isoflurane ndi wakuti mutha kutenga chiwindi mtima ukugundabe, nyama ili m'tulo tofa nato yosamva kanthu.

Tsopano chisankho chowawa: ziwalo zonse sizingakhale zoyamba. Bwererani ku funso lanu lija. Ngati ndi la chiwindi, yambani magazi ndi chiwindi, ubongo ubwere pambuyo, ndipo muvomereze kuti za ATP ndi lactate wa mu ubongo simudzanenapo kanthu. Ngati funso ndi la mphamvu za mu ubongo, pamafunika makina apadera a microwave omwe amapha ma enzyme a m'mutu, mapuloteni osintha ma metabolite, pa sekondi imodzi kapena kucheperapo. Ndabwereza dala kuti apadera. Ya kukhitchini ija ndi nkhanza ndipo siigwira ntchitoyi. Popanda makinawo khalani pa ma metabolite ochedwa kusintha, monga mafuta omanga makoma a maselo, ndipo samalani ndi GABA, mmodzi mwa mankhwala otumiza mauthenga mu ubongo, amene amakwera nyama ikafa.

Anthu akhale atatu: wodula, woumitsa, ndi wogwira wotchi n'kumalemba. Achinayi ndi achisanu ongoonerera atuluke, mbewa zikachuluka siziika masa. Wa wotchi alembe sekondi yomwe chiwalo chilichonse chalowa m'chisanu. Yesererani kaye mpaka manja azolowere, kuti nthawi ya mbewa yoyamba ifanane ndi ya yomaliza.

Chiwindi dulani mbali imodzimodzi nthawi zonse, ambiri timatenga chigawo chachikulu cha kumanzere. Mbewa ili ndi ndulu, kathumba kobisala pakati pa zigawozo, ndipo aliyense amene anatumbulapo nkhuku akudziwa chomwe chimachitika ikaphulika. Pano n'zoipa koposa, chifukwa asidi a m'ndulu mwina ndi omwe mukufuna kuyeza. Ikaphulika lembani, musabise. Chidutswacho chifinyeni ndi mbaniro yokhala ndi zitsulo ziwiri zafulati zoziziritsidwa mu nayitrojeni wamadzi, yomwe timaitcha dzina la Wollenberger. Chidutswa chonenepa mukangochiponya mu nayitrojeni, kunja kumauma koma pakati ma enzyme akugwirabe ntchito. Chopyapyala ngati chipapati chimauma nthawi yomweyo. Nayitrojeniyu amakhala pa madigiri 196 pansi pa ziro.

Mawu akuti kapamba asakusokonezeni. Kwathu ena amatchula choncho chiwalo chofiira chakuda chija chotupa pa malungo, ena amatanthauza chotuwa chotulutsa insulini. Pa botolo lembani spleen kapena pancreas. Pancreas amadzigaya yekha msanga, ndiye ngati mukumufuna akhale pakati pa zoyamba.

Magazi a mumtima mungapeze theka la mililita kapena kufika imodzi. Alowe m'kabotolo ka EDTA, mankhwala oletsa magazi kuundana, pa ayezi, muwazungulitse m'makina a centrifuge pa madigiri 4 mphindi 10, mutenge madzi a pamwamba. Akaoneka ofiira ndiye kuti maselo aphulika, lembaninso.

Anzanu oyang'ana pa maikulosikopu adzakuuzani kuti mutsuke kaye magazi m'mitsempha ndi madzi amchere. Kwa iwo n'zabwino, koma zimatenga mphindi zingapo ziwalo zikubanika. Ine sinditsuka pa metabolomics. Ubongo ndimaugawa pakati: theka ndimachotsa hippocampus (chigawo chothandiza kukumbukira) ndi cortex (chigawo chakunja) pa mbale yozizira n'kuumitsa, theka lina ndimaika mu formalin, mankhwala oletsa kuwola, kuti ndidzatsimikize kuti mbewa imeneyi inalidi ndi zibuma.

Nayitrojeni ndi ayezi wouma (carbon dioxide wolimba) zimathamangitsa mpweya wopuma. Tsegulani mawindo, valani magolovesi ndi magalasi, ndipo musazitsekere m'flasiki ya tiyi, imaphulika.

7. Kusunga ndi kutumiza

Firiji ya madigiri 80 pansi pa ziro, osati ya kunyumba yosungira nsomba. Chidutswa chikasungunuka n'kuumanso chawonongeka, n'chifukwa chake tinagawa timabotolo tingapo. Amene anaona malaiti a mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, safunika kuuzidwa kuti firiji yopanda jenereta ndi bokosi chabe. Gawani timabotolo m'mafiriji awiri osiyana nyumba. Potumiza kunja kwa dziko pamafunika pangano lolembedwa losamutsira zoyesa ndi chilolezo cha boma. Ayezi wouma amatha yekha m'njira, ndiye ikani wochuluka kuposa masiku a ulendo. Kuchoka ku Chipata kufika ku Lusaka kokha ndi makilomita pafupifupi 570.

8. Kuyeza

Pimani chidutswa chili chouma, mamiligalamu 20 mpaka 50 amakwana. Ma metabolite osungunuka m'madzi amatuluka ndi methanol wozizira wa 80 pa 100. Mafuta amatuluka ndi njira ya Folch ya mu 1957, magawo awiri a chloroform ndi limodzi la methanol. Makina a NMR, oyeza ndi maginito, amaona zochepa koma sasinthasintha, a LC-MS, olekanitsa ma metabolite n'kuyeza kulemera kwake, amaona zambirimbiri koma amatopa tsiku likamapita. Pa chifukwa chimenechi tapani pang'ono m'kabotolo kalikonse, musakanize, ndipo chosakanizacho chizilowa m'makina pakadutsa timabotolo 10 tilitonse. Ikaninso kabotolo kopanda chiwalo. Dongosolo lolowera m'makina likhalenso la maere. Pafupi ndi kwathu, North-West University ku Potchefstroom, South Africa, ili ndi malo ochitira metabolomics.

9. Kuwerenga zotsatira

Mukayeza ma metabolite 500 n'kugwiritsa malire a 0.05 a p, nambala yoweruzira ngati kusiyana n'kwangozi, pafupifupi 25 adzaoneka osiyana mwangozi chabe. Konzani ndi njira ya Benjamini ndi Hochberg, masamu ochepetsa zotsatira zangozi zotere. Chithunzi choyamba chikhale cha PCA, momwe kabotolo kalikonse ndi dontho ndipo tofanana timayandikana, ndipo musanapake madontho mitundu ya odwala ndi athanzi, apakeni ya tsiku lodula, ya khola, ya zazimuna ndi zazikazi. Akagawikana motsata tsiku, mwadziwa chomwe mwayeza. Chithunzi cha PLS-DA, chomwe chimauzidwiratu magulu, musachikhulupirire msanga, chimatha kulekanitsa ngakhale magulu ongopeka.

Kuchuluka kwa chinthu sikukuuzani liwiro lake. Nkhokwe yodzaza mu Disembala ingatanthauze kuti munakolola zambiri, kapena kuti pakhomo palibe akudya. Lactate wochuluka m'chiwindi ali chimodzimodzi. Kuti musiyanitse pamafunika kupatsa mbewa shuga wokhala ndi chizindikiro cha carbon-13 n'kumutsata komwe wapita.

Polemba, nenani kuti "mu mbewa za 5xFAD za miyezi 6", osati "mwa odwala Alzheimer". Majini omwe tinaika mu mbewazi ndi a mtundu wotengera kumakolo, womwe umagwira osakwana munthu mmodzi pa odwala 100. Mankhwala ambiri anachiritsa mbewa n'kulephera mwa anthu. Malangizo a ARRIVE olembera kafukufuku wa nyama, okonzedwanso mu 2020, ali ndi mndandanda wa zonse zoyenera kulembedwa.

10. Ngati muli ku Chipata ndipo mulibe mbewa

Mutha kuyamba sabata ino ndi laputopu ndi bandulo. Metabolomics Workbench ya ku America ndi MetaboLights ya ku Britain zimasunga zotsatira za akafukufuku ena, zaulere. AD Knowledge Portal ili ndi zambiri za mbewa za Alzheimer. MetaboAnalyst imakulolani kuchita masamu onse a gawo 9 pa intaneti osalipira. Sankhani kafukufuku mmodzi wa chiwindi kapena magazi, mubwereze masamu ake nokha, muone ngati mufika pomwe eni ake anafika.

Musanatsegule manambala, tsegulani pepala lofotokoza mbewazo, mufufuze zinthu zinayi: zinadulidwa nthawi yanji, zinasala maola angati, zinagonetsedwa ndi chiyani, ndipo panadutsa nthawi yotani chiwalo chisanaume. Kawirikawiri mudzapeza kuti chimodzi kapena ziwiri palibe. Lemberani kalata mwini kafukufukuyo mumufunse, adiresi yake imakhala pa pepalapo. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ena sayankha, koma amene ayankhe, m'kalata yachiwiri muwatumizire chithunzi chanu cha PCA chopakidwa mitundu ya makola, ndipo muwafunse ngati labu yawo imalandira ophunzira.